Ephraim Thole ndi makina a malemu Jackson

Zinayamba m'chaka cha 2018, nyengo ya mwera, anthu ali pakati pomweta mpunga ku Limphasa. Loweruka pa 9 Juni galimoto yokoka ngolo inaima pa Mpamba, itabwera ndi maliro a Jackson Mhone kuchokera ku Joni. Woperekeza malirowo anali mnzake wa malemuyo, Ephraim Thole.

Onse awiri ndinawaphunzitsa masamu ali mu Sitandade 7, m'chaka cha 1983. Jackson anali wamutu, wothamanga pakamwa. Ephraim anali wofatsa, mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi, wodziwa kusongolera anzake mapensulo kuposa kulemba nawo. Anabadwa mu 1969. Ku sekondale sanasankhidwe, ndipo anatha zaka zingapo akupalasa bwato la amalume ake ku Kande, kufikira mu 1994 pamene anatsatira Jackson ku Joni. Kumeneko anayamba ndi kutchetcha kapinga m'nyumba za anthu, kenako anasesa m'fakitale ya zitsulo, kenako anaphunzira kuwotcherera. Jackson, yemwe analimbikira sukulu ya madzulo, anali m'fakitale yomweyo koma mu ofesi, akujambula makina pa kompyuta. M'zaka zomalizira anayamba kumukhazika Ephraim pambali pake nthawi ya nkhomaliro ndi kumuonetsa kajambulidwe ka tizitsulo ting'onoting'ono. Za ku Jonizi ndikulemba monga anandiuzira Ephraim mwini wake. Wina woti angavomereze kapena kutsutsa palibe.

Kwathu kuno woperekeza maliro a ku Joni amapereka katundu wa malemu pamaso pa abale, chimodzichimodzi, kuti pasatsale mawu. Izi zinachitika Lachiwiri pa 12 Juni. Pa mkeka panaikidwa masutikesi awiri, mabulangete, kanema, foni ndi jekete yachikopa. Mkulu wake wa Jackson, Misheck, anaziyang'ana zonse, kenako anafunsa osakweza mawu.

"Ada Thole, nanga kompyuta? Chithunzi chilichonse chomwe mng'ono wanga ankatumiza chinali ndi kompyuta pa tebulo."

"Ija ndi yanga, akulu. Tinkagona chipinda chimodzi."

"Wowotcherera agule kompyuta, wojambula pa kompyuta asakhale nayo? Ndiye kuti ku Joni nsomba ndi zimene zimawedza anthu."

Ena anaseka. Ephraim anayankha kuti Jackson ankagwiritsa ntchito ya ku ofesi, koma sanabise kuti mu laputopu yake munali ntchito ya malemuyo. Anati Jackson anatha zaka ziwiri akujambula makina opunthira mpunga opalasa ngati njinga, kuti mkazi wake Hannah, yemwe ankalima yekha ku sikimu ya mpunga, aleke kupuntha ndi ndodo. Anatinso Jackson ali m'chipatala anamuuza kuti, ukafika kumudzi ukamupangire.

"Pamene ankakuuzani zimenezo panali ndani?" anafunsa Misheck.

"Tinali awiri."

"Awiri. Mmodzi tamuika dzana."

Akuluakulu a banja, pamodzi ndi mkulu wa mpingo, anagamula kuti ngati mawu a Ephraim ndi oona, makinawo apangidwe, aperekedwe kwa namfedwa, nkhani ithere pomwepo.

Ephraim sanabwere kudzangoperekeza maliro. Ntchito anali atasiya, msana ukumuvuta, ndipo ankafuna kumanga pa bwinja la malemu mayi ake kuti akhalitse. Koma kwathu munthu amene akunenedwa kuti anabisa cha womwalira amapatsidwa moni, inde, koma sabwerekedwa khasu, ndipo pa msonkhano akaimirira anthu amayang'ana pansi. Kuti akhale pamudzi ankayenera kuyeretsa dzina lake, ndipo njira inali imodzi: makinawo.

Nyumba yanga ili ndi sola. M'mwezi wa Julaye anabwera kudzapempha kuti azitchaja laputopu yake ndi kugwirira ntchito pakhonde panga. Ndinavomera, ndipo chifukwa china chinali chakuti ndinkafuna kuona ndi maso anga. Tsiku loyamba lomwe, atayatsa, pagalasi panatuluka malembo awiri, J ndi M. Ndinamufunsa.

"Ndi iyeyo anandikonzera, ama. Ine sindinkadziwa poyambira."

Yankho linali lomveka. Linabweranso mwachangu kwambiri, ngati lakhala likudikirira funsolo.

Makinawo anandionetsa. Pagalasi ankaoneka ngati enieni, ndipo ankatha kuwatembenuza ndi chala kuti tiwaone kunsi ndi kumbuyo. Inali felemu ya miyendo inayi, pamwamba pake mgolo wogona wokhala ndi mano a waya. Pansi panali mapedulo a njinga, ndipo tcheni chinkachoka pa giya ya mapedulo kupita pa giya ya mgolo. Wina azipalasa, wina azigwira mtolo wa mpunga pa manowo. Ndinaona kuti Jackson sanataye nzeru zake ku Joni.

Wowotcherera wa pa Mpamba ndi Killion Nkhwazi. Ataona mapepala anapukusa mutu. Jackson anajambula felemu ya zitsulo za mamilimita 50, koma Killion anali ndi za 40, zochokera ku mabedi akale omwe anagula pa loji ina ya ku Kande itatsekedwa.

"Zitsulo za ku Joni kuno kulibe, ada," anatero Killion. "Kuli mabedi. Alendo onenepa anagonapo zaka khumi osathyoka, ndiye mpunga ungawathyole?"

Ephraim anabwerera pakhonde panga, nafufuta 50, nalemba 40. Makina a pagalasi anadzikonza okha, manambala onse a pa mapepala anasintha okha. Ndinalipo. Zinatenga kanthawi kochepa kuposa kuthira shuga mu tiyi. Mapepala atsopano anakawasindikiza ku Chintheche, Killion nayamba kudula mabedi.

Ntchito inayenda pang'onopang'ono, chifukwa Killion ankaigwira pakati pa zitseko ndi mawindo a anthu ena, magetsi nawonso akuzimazima. Ephraim ankamuthandiza pa maganyu kuti apeze chakudya. Mvula inabwera, inapita. Misheck akakumana naye pa msika ankafunsa kuti, "Kodi makina aja akumera?" Anthu ena anayamba kunena kuti Ephraim akuchedwetsa dala kuti azipeza chifukwa chopitira kwa Hannah kukamufunsa izi ndi izo. Ine ndikudziwa kuti anapitako kawiri kokha, masana, kukayeza kutalika kwa mitolo ya mpunga. Koma za mumtima mwa munthu sindinganene.

Makina anayesedwa Loweruka pa 25 Meyi 2019, m'munda mwa Hannah. Anthu anachuluka ngati pali mpira. Ephraim anakwera pa mapedulo, Hannah anagwira mtolo. Mgolo unayamba kuzungulira, mpunga unayamba kugwa, amayi anayamba nthungululu. Nthungululuyo isanathe tcheni chinagwa. Anachibwezera. Chinagwanso. Kachitatu Ephraim anapalasa mwamphamvu, mgolo unagwedezeka, mano anakoka mtolo wonse ndi kumukanda Hannah pa mkono mpaka magazi.

Killion analumbira kuti sanapotoze kanthu. Anatulutsa tepi, nayeza mabowo onse anthu akuona, ndipo onse anali pomwe mapepala ananena. Choncho cholakwa chinali m'mapepala, ndipo mapepala anachokera kwa Ephraim.

"Ine ndaona kale," anatero Misheck, akumanga mkono wa mlamu wake ndi mpango. "Makina enieni a mng'ono wanga ali m'kompyutamo. Awa watipatsa ndi okhotetsa dala, kuti ife titope, iye akagulitse enieniwo ku Karonga."

Palibe anamutsutsa. Makina anawakankhira pansi pa mtengo wa mango, anthu anatola ndodo zawo.

Lolemba lake Ephraim anakhala pakhonde panga nthawi yaitali laputopu ili yotseka. Kenako anati, "Ama, ine ndimadziwa kujambula pamalo pomwe Jackson wandiyalira. Kuyala malowo sindinaphunzire."

Ndinamuuza kuti alankhule zomveka. Anatsegula, nadina penapake, ndipo makina aja anazimiririka m'kati mwa zinthu zomwe ndinali ndisanazionepo. Panali timakoma tambirimbiri toonekera ngati galasi, tina toimirira, tina togona, tina topendekera, todutsana pakati pa makina ndi kutulukira kunja. Panalinso mizere yaitali ndi timadontho. Anati timakomato amatitcha mapuleni. Si mbali ya makina, Killion sangatidule kapena kutiwotcherera, ndipo pa mapepala situluka. Koma chitsulo chilichonse ndi bowo lililonse zimajambulidwa pa puleni inayake, kapena kuyezedwa kuchokera pa mzere kapena dontho linalake.

Ndinakumbukira chingwe chomwe mmisiri amakoka pomanga nyumba. Khoma likatha chingwe amachotsa, wokhalamo sachiona, koma khoma linaima pomwe chingwe chinanena. Ephraim anati ndi choncho, kusiyana kwake n'kwakuti m'kompyuta chingwecho sichichoka, ndipo chikasuntha khoma limachitsatira.

Anafotokoza kuti mapuleni atatu oyamba amabwera ndi pulogalamu: yapansi, yakutsogolo ndi yapambali. Ena onse wojambula amamanga yekha, ndipo iliyonse imatsamira pa china chomwe chilipo kale. Ina amaiika pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa nkhope ya chitsulo. Ina amaiika pakatikati pa nkhope ziwiri. Ina imadutsa pa madontho atatu. Mzere umatha kumangidwa pa madontho awiri, ndipo puleni ina imatha kumangidwanso pa mzerewo. Chilichonse chili ndi kholo lake, ndipo kholo likasuntha ana ndi zidzukulu amasuntha nalo. Iye posintha 50 kukhala 40 anasuntha kholo la china chake, koma sankadziwa kuti ndi chiti. Jackson anasiya mapuleni opitirira makumi anayi, opanda mayina, manambala okhaokha.

Ndinamulangiza kuti akawaonetse a kubanja zimenezi, kuti adziwe kuti vutolo lilipodi. Anaitana Misheck ndi Hannah pakhonde pomwepo. Anawaonetsa makina, kenako anadina, timakoma tija tinatulukira. Anadinanso, tinasowa.

"Tabwerezani," anatero Misheck. Ephraim anabwereza.

"Ndiye kuti m'menemu muli zinthu zomwe mumabisa, n'kuzionetsa mukafuna?"

"Si kubisa, akulu. Timangozichotsa pamaso kuti zisatisokoneze."

"Kwathu kuno kuchotsa chinthu pamaso timati kubisa. Tiyeni, alamu."

Hannah anatsalira pang'ono akuyang'ana pagalasi. Anafunsa ngati zonsezo anaziika ndi mwamuna wake. Atamva kuti inde, anati, "Nchifukwa chake sankaimba foni," nanyamuka.

Kuyambira mwezi wa Juni Ephraim anayamba kufufuza mapuleniwo imodziimodzi. Pulogalamuyo imasunga ndondomeko ya mmene chinthu chinamangidwira, ndipo ukaloza puleni imakuuza kuti inatsamira pa chiyani. Koma ukatsatira kholo lake umapeza kuti nalonso lili ndi makolo awiri, ndipo pofika pachisanu wayiwala komwe unachokera. Mutu wake sunkatha kusunga zonsezo. Choncho anapempha kachipinda kanga kosungiramo makasu, natola makatoni a sopo pa golosale. Puleni iliyonse ankaidulira kakatoni kake, kulembapo nambala, ndi kukapachika pa ulusi kuchokera pa kakatoni ka kholo lake. Madontho anali zitsekerero za mabotolo. Pofika Ogasiti denga lonse la kachipindako linali lolendewera, ndipo mphepo ikalowa zinkazungulira ndi kugundana.

Ana anasuzumira pa windo, nakauza amayi awo. Pasanathe sabata mudzi wonse unadziwa kuti Ephraim wapachika zithumwa m'nyumba mwa aphunzitsi, ndipo akuyankhula ndi Jackson. Kuyankhulako n'koona, ndinamumvapo. Ankati, "Iwe, apa unayambira pati?" monga munthu aliyense amayankhulira ndi ntchito yovuta. Ku Umanyano, msonkhano wa amayi a mumpingo, amayi anzanga anandizungulira tikutuluka.

"Ama, kodi mwayamba kusunga asing'anga?"

Ndinawauza kuti ndi masamu a mizere ndi ngodya, omwe ena a iwo ndinawaphunzitsa ndipo anathawa.

"Masamu opachika pa ulusi? Ife a m'nthawi yathu tinkalemba m'kope."

Ndinawaitana kuti abwere adzaone. Palibe anabwera, koma mmodzi anasiya kutumiza mdzukulu wake kudzatchaja foni kwanga.

Sindinganene kuti ineyo ndinalibe mafunso. Nthawi zina ndinkamuyang'ana akufufuza, n'kumadzifunsa ngati munthu angathe kunamizira kusadziwa miyezi yonseyo. Ankaonda. Maganyu kwa Killion anachepetsa. Ngati inali sewero, inali sewero yomudyera thupi. Komanso ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mwana woswa windo ndi amene amathandiza kwambiri kufunafuna mwala.

Lachinayi pa 3 Okutobala, m'mawa, ndikuthirira maluwa, anandiitana mokuwa. Ndinamupeza atagwira zitsekerero ziwiri, china m'dzanja ili, china m'dzanja ilo.

Mgolo umazungulira pa mzere umodzi wodutsa pakati pake, ndipo mzerewo Jackson anaumanga pa madontho awiri, lina kumanzere kwa felemu, lina kumanja. Aliyense akanaganiza kuti madontho awiriwo ndi mapasa, oyezedwa kuchokera pamalo amodzi. Sanali mapasa. Lakumanzere linayezedwa kuchokera pamwamba pa chitsulo chopingasa cha felemu. Lakumanja linayezedwa kuchokera kunsi kwa chitsulocho. Chitsulo chili cha 50, madontho awiriwo ankalingana ndendende, ndipo palibe akanadziwa kuti makolo awo ndi osiyana. Chitakhala cha 40, pamwamba panatsala pomwepo, koma kunsi kunakwera ndi mamilimita khumi, dontho lakumanja n'kukwera nako. Mzere unapendekeka. Giya ya mgolo, yomwe puleni yake inamangidwa pa mzerewo, inapendekeka nawo, pomwe giya ya mapedulo inatsala chilili. Kupendekeka kwake kunali kochepa ngati kunenepa kwa chala chaching'ono, kosaoneka ndi maso, koma tcheni chinakumva.

Ndinamufunsa chifukwa chomwe Jackson anachitira choncho.

"Kaya, ama. Mwina ankafuna kudzapachika chivundikiro kunsi kwake mbali imeneyo. Mwina anangotopa, n'kudina chomwe chinali pafupi." Kenako anatembenukira ku makatoni aja. "Iwe Jackson! Mwendo wina uyeze kuchokera kumutu, wina kuchokera m'chiuno, munthu ayende bwanji?"

Aka kanali koyamba kumumva akuseka chibwerere ku Joni.

Tsiku lomwelo anamanga puleni yake yoyamba, iye mwini, yogona pamwamba pa felemu, nasamutsira madontho onse awiri pa iyo. Anayesa kulemba 30, kenako 60, ndipo mgolo unakhala wowongoka nthawi zonse. Sanalekere pomwepo. Anapitiriza ndi mapuleni otsala mpaka anadziwa kholo la iliyonse, napeza malo ena awiri omwe akanadzavuta mtsogolo, nawakonza. Killion anatseka bowo lakumanja ndi kuboola lina pansi pake pang'ono, akudandaula kuti miyezi yonseyi anthu amunena chifukwa cha kabowo kamodzi.

Anayesanso Loweruka pa 7 Disembala, pa mpunga wothirira. Anthu anabwera ochepa, ndipo ambiri anaima patali. Hannah anakulunga chitenje pa mkono asanagwire mtolo. Tcheni sichinagwe. Mulu womwe akanaupuntha ndi ndodo mpaka madzulo unatha dzuwa lisanafike pamutu. Oima patali anayandikira, ndipo pofika masana amuna ankalimbirana kupalasa. Ephraim anabwera kwanga ali ndi mankhusu m'tsitsi, nanena kuti chaka chamawa ayamba kuumba njerwa.

Akuluakulu anakumananso Lachitatu pa 18 Disembala kuti makina aperekedwe mwa mwambo. Anandiitana ngati mboni. Ephraim anapereka makinawo, mapepala onse, ndi kafulashi komwe anakoperamo chojambula cha Jackson. Mkulu wa mpingo anali atayamba kale kuthokoza pamene Misheck anakweza dzanja.

"Ndifunse pang'ono. Zomwe zili m'kafulashi aka, m'kompyutamo zatsalanso?"

Ephraim anati zatsala.

"Ine ndikapereka mbuzi kwa mlamu wanga, m'khola mwanga mumatsala chingwe. Awa apereka mbuzi, mbuzi yomweyo ikadali m'khola mwawo. Ndiye apereka chiyani?"

Akuluakulu anang'ung'udza movomereza. Ephraim anatsegula laputopu, nafufuta chojambulacho onse akuona.

"Chapita," anatero.

"Chapita kapena mwachichotsa pamaso? Pakhonde pa aphunzitsi munandionetsa nokha. Mukadina zimasowa, mukadinanso zimabwera."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Misheck anandimvera mwaulemu, kenako anafunsa ngati ineyo ndingathe kutsegula kompyutayo ndi kutsimikiza ndekha kuti mulibe. Ndinati sindingathe.

Mmodzi wa akuluakulu anati njira yapafupi ndi yakuti kompyutayo iperekedwe.

"Ndikaipereka mudzati ndavomera kuti inali ya Jackson," anatero Ephraim.

"Mukapanda kuipereka tidzati chiyani?" anafunsa Misheck.

Ephraim anatseka laputopu ija, nanyamuka, naiika pa mkeka patsogolo pa Hannah. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Misheck sanaiyang'ane n'komwe.

"Chaka chatha akanatipatsa, ikanakhala kanthu. Lero ndi chigoba. Munthu uyu anatiuza kuti sadziwa mmene mng'ono wanga anamangira makinawa. Wakhala miyezi m'kachipinda akuloweza, lero akudziwa zonse, mpaka akumukonza malemu. Ada Nkhwazi, nenani zoona, alimi a ku Lweya sanabwere kwa inu kudzafunsa makina ena?"

Killion anavomera kuti anabwera awiri.

"Adzawajambula ndani? Ndipo adzakhala makina a ndani? Cha m'kompyuta wafufuta, chabwino. Cha m'mutu adzabweza bwanji?"

Mkulu wa mpingo anatembenukira kwa Hannah kuti anene mawu ake.

"Makina ndalandira, alamu, yewo," anatero Hannah akuyang'ana Ephraim. "Akugwira ntchito, sindinganame. Za kompyutayi ine sindikudziwa. Mwamuna wanga sanandiuzepo kuti ali nayo, sanandiuzenso kuti alibe. Ndiitenge ndikaphikire? Chinthu chomwe sindikudziwa mwini wake sichilowa m'nyumba mwanga."

Anaikankhira pang'ono ndi nsonga za zala. Misheck anakana kuigwira, akuti angadzanenedwe kuti walanda. Inakhala pa mkeka mpaka anthu anayamba kubalalika. Pomaliza Ephraim anaitola, naiika m'khwapa, ndipo aliyense amene anali panjira tsiku limenelo anamuona akupita nayo kwawo.

Nkhani sinagamulidwe, ndipo nkhani yosagamulidwa kwathu imakhala ngati chigamulo. Killion anamuuza kuti maganyu achepa, ngakhale zitseko zinali mulu pabwalo pake. Theka la makasitomala ake ndi a kwa Mhone. Alimi a ku Lweya aja anamufunafuna Ephraim mwini. Anawakana, akuti makinawo si ake. Sabata yomweyo zinamveka pa msika kuti wawakana chifukwa akudikira ogula olemera. Akanavomera, tikudziwa zomwe zikanamveka. Pa Khirisimasi anakhala yekha pa benchi ya kumbuyo m'tchalitchi, malo mbali zonse ziwiri ali opanda munthu. Anyamata omwe anapangana nawo kuti adzamuthandize kuumba njerwa anayamba kupereka zifukwa. Makina aja ankazungulira minda ya ku Limphasa, anthu n'kumawatcha makina a Jackson, ndipo ena ankapalasa akumunena amene anawapanga.

Kumayambiriro kwa Febuluwale Ephraim anabwera kudzachotsa makatoni m'kachipinda kanga. Anawadula pa ulusi, nawaunjika bwinobwino, nasesa. Anati mnzake wina wamupezera malo pa kampani yaing'ono ku Joni, yofuna munthu wodziwa kukonza zojambula zosiyidwa ndi ena. Ndinamuuza kuti adikire, anthu amaiwala.

"Amaiwala ngongole, ama. Izi saiwala."

Ndinamuthirira tiyi. Tikumwa ndinamufunsa mosazungulira.

"Ephraim, kompyutayo inali ya ndani?"

Anaika kapu pansi. "Nanunso, ama?"

"Ndafunsa."

"Yanga."

Anandiyang'ana m'maso ponena mawuwo. Ndaonapo ana onena zoona akuyang'ana pansi, ndaonaponso onama akuyang'ana m'maso, choncho sindinaphunzirepo kanthu. Ndinamupatsa mpunga pang'ono wa panjira, anathokoza, tinapemphera.

Sanatsanzike kwa Misheck. Kwa Hannah anatumiza uthenga kudzera kwa Killion, wakuti tcheni azichithira mafuta ndipo asalole ana kupalasa. Anakwera minibasi ya ku Mzuzu pa Mpamba, ndi chikwama chimodzi kumsana ndi sutikesi imodzi, Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2020.